Musanakhudze manambala a setilayiti, yambani mwawerenga mutu wa fayilo

Mnzanga wina wa kuntchito, tsiku limene ankatsanzika kuti akupita kukapitiriza maphunziro, anandisiyira fayilo yotchedwa mvula_yomaliza2.dat. Anangoti, "Achimwene, miyezo yonse ya mvula ya ku setilayiti ija ili m'menemo." Patapita mwezi ndinaifuna. Nditaitsegula ndinangoona zilembo zosamveka zili mbwee pa sikirini. Chokhacho chimene ndinkadziwa chinali kukula kwake: mabayiti 25,920,000.

Ndinatenga pepala ndi pensulo. Nambala imodzi ya mtundu wa float32 imadya mabayiti anayi, choncho ndinagawa ndi 4 n'kupeza 6,480,000. Imeneyi ndi 3600 kuchulukitsa ndi 1800, kusonyeza kuti linali dziko lonse lapansi logawidwa m'timabokosi ta digiri 0.1 mbali zonse. Mtima unakhala pansi, koma kwa kanthawi kochepa. Fayiloyo sinanene ngati manambalawo anali mamilimita pa ola kapena pa tsiku. Sinanene tsiku limene anayezedwa. Sinanenenso ngati mzere woyamba unali wa kumpoto kapena wa kummwera, moti mapu oyamba amene ndinajambula anatuluka chadodolido, magombe osakumana ndi mvula yake. Ndinatha masiku atatu ndikungoganizira, kenako milungu iwiri ndikudikira yankho la imelo. Mnzangayo sanachite dala. Kwa iye zonsezi zinali zodziwikiratu, kungoti zinatsalira m'mutu mwake osalowa m'fayilo.

Kuyambira pamenepo, fomati iliyonse ya deta ya setilayiti, kutanthauza kasanjidwe ka manambala m'fayilo, ndimaiyesa ndi funso limodzi. Munthu amene sanandionepo, atalandira fayiloyi zaka khumi zikubwerazi, kodi angadziwe chimene chinayezedwa, muyezo wake, malo ake, nthawi yake, ndi nambala imene ikutanthauza kuti pamenepa sipanayezedwe kanthu? Zisanu zimenezi ziyenera kukhala m'kati mwa fayilo momwemo. Zonse zimene ndilembe pano zikuchokera pa funso limeneli.

Dziwani kaye banja la fayilo yanu

Nthawi zambiri wosankha fomati si inu. Bungwe limene linaulutsa setilayiti linasankha kalekale, ndipo lanu ndi kudziwa chimene mwapatsidwa.

Mayina awiri amene muziwamva kwambiri ndi NetCDF ndi HDF. NetCDF inayambira ku Unidata, nthambi ya UCAR mumzinda wa Boulder ku Colorado, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. HDF inayambira ku NCSA, pa yunivesite ya Illinois, m'zaka zomwezo. Mu 1998 kunatuluka HDF5, ndipo apa ambiri amasokonezeka: HDF5 si HDF4 yokonzedwanso, ndi fomati ina yeniyeni, moti pulogalamu yowerenga imodzi siwerenga inzake. Kenako mu 2008 kunabwera NetCDF-4, imene imasunga manambala ake pogwiritsa ntchito HDF5. Ndiye kuti fayilo iliyonse ya NetCDF-4 mutha kuitsegula ndi zida za HDF5, koma si fayilo iliyonse ya HDF5 imene ingalole kutsegulidwa ngati NetCDF.

Chipangizo cha MODIS, chimene chili pa setilayiti ya Terra ya mu 1999 ndi ya Aqua ya mu 2002, chimapereka deta yake mu HDF4. Miyezo ya mvula ya IMERG, yochokera ku ntchito ya GPM, imabwera mu HDF5. Sentinel-3, Sentinel-5P ndi zithunzi za nyengo za GOES-16 zimabwera mu NetCDF-4. Ngati mukufuna kuwerenga MODIS mu Python, pulogalamu ya h5py, yowerengera HDF5, sikuthandizani. Pamafunika pyhdf, kapena GDAL imene inakonzedwa kuti izidziwa HDF4.

Amene amaphunzira dzuwa, mphepo yochokera kudzuwa ndi mphamvu ya maginito yozungulira dziko amagwiritsa ntchito CDF, yochokera ku NASA Goddard mu 1985. Dzina likufanana ndi NetCDF, ndipo NetCDF inatengeradi nzeru kumeneko, koma mafayilo ake sagwirizana. Owona nyenyezi ali ndi FITS, imene inafotokozedwa mu 1981 ndipo Hubble ndi James Webb amaigwiritsabe ntchito. FITS ndimaipatsa ulemu wapadera. Mutu wake ndi mawu wamba, mzere uliwonse zilembo 80, fayilo yonse yogawidwa m'zigawo za mabayiti 2880, ndipo eni ake anagwirizana kuti fayilo imene inalembedwa molondola kale izikhalabe yowerengeka ngakhale malamulo atasintha. Olosera zanyengo nawo ali ndi GRIB ndi BUFR za WMO, bungwe la zanyengo la dziko lonse lapansi. Zimenezi zimasunga malo kwambiri, koma tanthauzo la manambala ake lili m'matebulo a kunja kwa fayilo, choncho popanda pulogalamu ngati ecCodes ya ECMWF simupita patali.

Pomaliza pali zithunzi za nthaka. Landsat Collection 2 (Collection ndi nambala ya kakonzedwe ka deta) imabwera ngati GeoTIFF, fayilo imodzi pa bandi iliyonse, kutanthauza mtundu uliwonse wa kuwala umene kamera imajambula padera. Sentinel-2 imabwera m'foda ya SAFE, m'kati mwake muli zithunzi za JPEG2000 ndi mafayilo a XML ofotokoza zithunzizo. Anthu ambiri amangotapamo zithunzi n'kutaya XML. Musatero ayi, chifukwa chake muchiona kutsogoloku.

Musakhulupirire kwambiri zilembo zakumapeto kwa dzina la fayilo. Aliyense atha kusintha .h5 kukhala .nc. Chizindikiro chodalirika chili m'mabayiti oyambirira: NetCDF yakale imayamba ndi zilembo CDF, HDF5 ndi NetCDF-4 zimaonetsa HDF, FITS imayamba ndi mawu akuti SIMPLE, uthenga wa GRIB umayamba ndi GRIB n'kuthera pa 7777. Pa Linux kapena Mac, lamulo la `file` limakuuzani zimenezi m'kuphethira kwa diso, ndipo `ncdump -k` imanena mtundu weniweni wa NetCDF umene muli nawo.

Mphindi khumi zoyambirira

Fayilo yatsopano ikafika, sindijambula mapu. Chilakolako chimakhalapo, chifukwa mapu a setilayiti amakongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndimayamba ndi mutu wa fayilo, gawo lofotokoza zimene zili m'katimo. Pa NetCDF ndimalemba `ncdump -h dzina.nc`, pa HDF5 ndimalemba `h5dump -H` kapena `h5ls -r`, ndipo pa GeoTIFF ndi HDF4 ndimalemba `gdalinfo`. Amene sakonda kulemba malamulo atha kugwiritsa ntchito Panoply ya NASA GISS kapena HDFView. Zonsezi ndi zaulere. Chimene chimatuluka chimaoneka chonchi:

```
short sst(time, lat, lon) ;
    sst:standard_name = "sea_surface_temperature" ;
    sst:units = "K" ;
    sst:scale_factor = 0.01 ;
    sst:add_offset = 273.15 ;
    sst:_FillValue = -32768s ;
double time(time) ;
    time:units = "seconds since 1981-01-01 00:00:00" ;
```

Mizere isanu ndi itatu yokhayi yanena kale zimene fayilo ya mnzanga ija inalephera kunena. Mulu wa manambala wotchedwa sst, umene pa ntchitoyi timautcha variable, ndi kutentha kwa pamwamba pa nyanja. Muyezo wake ndi Kelvin. Manambala andandalikidwa motsata nthawi, kenako latitude, kenako longitude. Timizere tolowa m'katito timatchedwa ma attribute, ndipo ndi timene timanyamula tanthauzo. Ine ndimakopera mutu wonse n'kuusunga m'fayilo ya mawu pambali pa detayo, kuti ndizitha kuubwerera.

Mukatsegula fayilo n'kuona ngati mulibe kanthu, musafulumire kuganiza kuti yawonongeka. HDF5 ndi NetCDF-4 zimakhala ndi magulu, ngati mafoda a m'kati mwa fayilo. Deta ya Sentinel-5P ili m'gulu lotchedwa PRODUCT, ya IMERG ili m'gulu la Grid. Mu xarray, pulogalamu ya Python yowerengera mafayilo otere, muyenera kutchula gululo potsegula. Nayo `gdalinfo` imakupatsani mndandanda wa ma SUBDATASET, ndipo mumasankhapo limodzi.

Manambala amene mukuwaona si miyezo yeniyeni

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa zolakwika zambiri zimene ndaziona, zanga ndi za anzanga, zimabadwira pano.

Setilayiti siona zonse nthawi zonse. Mitambo imatchinga, chipangizo chimadumpha mzere, usiku umagwa. Pamalo oterowo fayilo imaikapo nambala yongotsekera dzenje. Mu IMERG ndi -9999.9, mu NDVI ya MOD13Q1, muyezo wa MODIS wa kubiriwira kwa zomera, ndi -3000, m'mafayilo ambiri a CDF ndi -1.0E31. Manambala aakulu otere amadziulula okha: mukaiwala kuwachotsa, avereji ya mvula imatuluka yochepera ziro ndipo mumadzidzimuka. Woopsa ndi wotsekera dzenje amene amaoneka wofatsa. Mu MOD11A1, kutentha kwa pamwamba pa nthaka, nambalayo ndi 0. Tiyerekeze kuti malo ena anali pa 300 K masiku 29, ndipo tsiku limodzi kunali mitambo. Mukaphatikiza masiku onse 30 n'kugawa, mupeza 290 K. Nambalayi ikuoneka yabwinobwino, palibe amene angaikayikire, koma yaphonya ndi madigiri khumi athunthu.

Chachiwiri ndi kuchulukitsa ndi kuwonjezera. Pofuna kusunga malo, mabungwe amasunga miyezo ngati manambala athunthu a mabayiti awiri, ndipo amakupatsani manambala awiri obwezeretsera muyezo weniweni. Lamulo lofala ndi ili: tengani nambala ya m'fayilo, ichulukitseni ndi scale_factor, kenako muwonjezere add_offset. M'chitsanzo cha pamwambapa, 2000 imasanduka 293.15 K. Mu Landsat Collection 2 Level 2, kuwala kobwerera kuchokera pa nthaka mumakupeza pochulukitsa ndi 0.0000275 n'kuchotsera 0.2, moti 10000 imasanduka 0.075. Kutentha kwa nthaka mumachulukitsa ndi 0.00341802 n'kuwonjezera 149, moti 44000 imapereka pafupifupi 299.4 K. Manambala amenewa muwapeza m'fayilo ya MTL imene imabwera limodzi ndi zithunzizo.

Tsono mvetserani bwino, chifukwa mayina ofanana sakutanthauza masamu ofanana. Mafayilo a MODIS a za mumlengalenga, monga MOD06 ya mitambo, amatsata njira ya HDF4: mumayamba mwachotsera add_offset, kenako n'kuchulukitsa ndi scale_factor. Kutentha kwa pamwamba pa mtambo kuli ndi scale_factor ya 0.01 ndi add_offset ya -15000. Nambala 10000, mukaiwerenga moyenera, ndi 250 K. Mukaiwerenga mwa lamulo lofala lija mupeza -14900, chinthu chosatheka. Mu MOD13Q1 namo, scale_factor yolembedwa m'fayilo ndi 10000, ndipo mumagawa nayo m'malo mochulukitsa. Izi sizingadziwike pongoyang'ana mutu wa fayilo. Zili m'buku lofotokoza deta imeneyo, ndipo n'chifukwa chake bukulo ndimaliwerenga ngakhale likhale lalitali. Paja Safunsa anadya phula.

Nkhani ya Sentinel-2 ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa simaonekera. Kuyambira pa 25 Januwale 2022, pamene kakonzedwe ka deta kanafika pa 04.00, manambala a m'zithunzi anakwezedwa ndi 1000. Poyamba 1500 inkatanthauza 0.15 mukagawa ndi 10000. Tsopano muyenera kuchotsera 1000 kaye, ndiye 1500 ikutanthauza 0.05. Munthu woyerekeza zomera za 2021 ndi za 2023 osadziwa zimenezi aona kusintha kumene sikunachitike padziko. Nambala yochotserayi inalembedwa m'fayilo ya XML ija, pansi pa dzina la BOA_ADD_OFFSET. Musangodalira tsiku la chithunzi, chifukwa zithunzi zakale zimakonzedwanso. Yang'anani pa dzina la foda, pamene palembedwa N0400 kapena nambala yoposa pamenepo. Komanso malo ena ogawira detayi amachotseratu 1000 ameneyu asanakupatseni, ndiye fufuzani kuti musachotsere kawiri.

Mapulogalamu nawo sachita zofanana. xarray ndi netCDF4 ya Python amachotsa otsekera dzenje n'kuchulukitsa okha mukangotsegula. h5py imakupatsani manambala osakhudzidwa. Ndiye pali zolakwika ziwiri zotheka: kusachulukitsa n'komwe, kapena kuchulukitsa kawiri. Chizolowezi changa ndi ichi. Ndimasankha kabokosi kamodzi, n'kuwerenga nambala yake yosakhudzidwa, mu xarray polemba `mask_and_scale=False`, kenako ndimachita masamuwo pamanja ndi kakyuleta. Zikafanana ndi zimene pulogalamu yapereka, ndimapitirira. Ndimaonanso nambala yaikulu ndi yaing'ono kwambiri ya fayilo yonse. NDVI yoposa 1 kapena nyanja yotentha 400 K ndi belu lochenjeza.

Ngakhale masamu atayenda bwino, si kabokosi kalikonse kamene kali kodalirika. Pafupifupi deta iliyonse imabwera ndi variable ina yonena za ubwino wa muyezo. Pa mpweya wa NO2 wa Sentinel-5P, akatswiri ake amalangiza kutenga timabokosi timene qa_value yake yaposa 0.75. Landsat ili ndi QA_PIXEL, mmene nambala imodzi yanyamula mayankho angapo, bit iliyonse, kachigawo ka nambalayo kamene kamakhala 0 kapena 1, ili ndi funso lake: kodi ndi mtambo, mthunzi wa mtambo, chipale, kapena madzi? Kumasulira ma bit kumatopetsa tsiku loyamba lokha. Mukalemba kapulogalamu kake kamodzi, kazikutumikirani zaka.

Nthawi ndi malo

M'mafayilo amenewa nthawi imasungidwa ngati kuwerenga kuchokera pa tsiku lina lake: masekondi kuyambira 1970, masiku kuyambira 1981, maola kuyambira 1900. Tsiku loyambiralo lili mu attribute ya units, ndipo musaliganizire, liwerengeni. Masetilayiti ena a NASA, monga Terra ndi Aqua, amawerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1993 pa wotchi ya TAI, imene imawerengera ndi masekondi apadera aja amene amawonjezeredwa nthawi zina pa UTC, wotchi imene dziko lonse lapansi limatsata. Kuchokera mu 1993 kufika pa 1 Januwale 2017 anawonjezeredwa khumi. Masekondi khumi akuoneka ochepa, koma setilayiti yozungulira pafupi ndi dziko imadutsa makilomita pafupifupi asanu ndi awiri pa sekondi. Ngati mukugwirizanitsa miyezo ya zipangizo ziwiri potsata nthawi, mwaphonya ndi makilomita 70. Anzathu a CDF anathana ndi vutoli pokhazikitsa mtundu wa nthawi wotchedwa TT2000, umene umawerengera masekondi apaderawo.

Mayina a mafayilo nawo amanyamula nthawi. Pa MODIS, A2020049 ndi tsiku la 49 la chaka cha 2020, lomwe ndi 18 Febuluwale, ndipo 061 ndi Collection 6.1. Musasakanize ma Collection awiri m'kafukufuku mmodzi.

Kumbali ya malo, funsani zinthu zitatu. Longitude ikuyenda kuchokera -180 kufika 180, kapena 0 kufika 360? Latitude ikukwera kapena ikutsika? Ndipo chayamba n'chiti? IMERG imandandalika nthawi, longitude, kenako latitude, mosiyana ndi mafayilo ambiri, choncho mapu amatuluka chogona ngati simunatembenuze. Deta ya Level 2 nthawi zambiri imatsata njira imene setilayiti inadutsa, ndiye kabokosi kalikonse kali ndi latitude ndi longitude yakeyake m'ma variable ena. Ya Level 3 inaikidwa kale pa timabokosi tolingana. GOES-16, imene imakhala pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, siipereka madigiri n'komwe. x ndi y zake ndi ngodya za kamera mu ma radian, ndipo zofunika powasandutsa malo zili mu variable yotchedwa goes_imager_projection. Zonsezi zimagwidwa ndi mayeso amodzi osavuta: jambulani mzere wa magombe pamwamba pa deta yanu, muone ngati nyanja yagwera panyanja.

Mukamalemba fayilo yanu

Apa tsopano wosankha ndinu. Maganizo anga ndi awa. Ngati deta yanu ili pa timabokosi ndipo ili ndi nthawi, kapena misinkhu ya mumlengalenga, kapena ma variable angapo, lembani NetCDF-4 motsata malamulo a CF, amene ndiwafotokoza m'munsimu. Ngati ndi chithunzi chimodzi kapena mapu amodzi opita kwa munthu wogwiritsa ntchito pulogalamu ya mapu ya QGIS, GeoTIFF ndi yokwanira, ndipo ngati izikhala pa intaneti ipangeni Cloud Optimized GeoTIFF kuti munthu azitha kutapa kachigawo kokha osakopera fayilo yonse. Ngati owerenga anu ndi a nyenyezi apatseni FITS, ngati ndi a dzuwa ndi maginito apatseni CDF yotsata malangizo a ISTP. Zarr ndi yabwino pa deta yaikulu kwambiri yosungidwa pa makompyuta a pa intaneti, koma imagawika m'timafayilo tambirimbiri, ndiye sindiisankha pa chinthu chotumiza kwa munthu mmodzi. HDF5 yopanda malamulo ena sindiilimbikitsa kwa oyamba kumene. Imalola chilichonse, ndipo ufulu umenewo umabereka mafayilo amene mwini yekha ndiye amawamva.

CSV, fayilo ya mawu wamba yokhala ngati tebulo, ili ndi malo ake: miyezo ya malo amodzi, mizere mazana angapo, yoti munthu aione ndi maso. Kupitirira apo imalemera. Excel imathera pa mizere 1,048,576, pamene mapu amodzi okha a digiri 0.1 ali ndi timabokosi 6,480,000. Ilibenso malo okhazikika olembapo muyezo kapena wotsekera dzenje.

Dziwani kuti NetCDF payokha ndi bokosi chabe. Mutha kulemba fayilo ya NetCDF yosamveka ngati ya .dat ija. Chimene chimaipatsa chilankhulo chimodzi ndi malamulo a CF, amene anatuluka koyamba mu 2003. Pa variable iliyonse lembani units, long_name ndi _FillValue, ndipo ngati dzina lake lilipo pa tebulo la CF, lembaninso standard_name. Dzinali limabwera ndi muyezo wake: precipitation_flux imayezedwa mu kg m-2 s-1, ndipo popeza kilogalamu imodzi ya madzi pa sikweya mita ndi milimita imodzi, mumachulukitsa ndi 86400 kuti mupeze mamilimita pa tsiku. Ngati nambala yanu ndi avereji kapena chiwonkhetso cha tsiku, nenani mu cell_methods. Ngati mapu anu sali pa madigiri wamba, ikani grid_mapping. Pamutu pa fayilo yonse lembani Conventions, title, source ndi history. Mu history ndimalembamo dzina lenileni la fayilo imene ndinayambira, Collection yake, ndi lamulo limene ndinagwiritsa ntchito.

Nthawi isungeni mu double, nambala ya mabayiti asanu ndi atatu, osati float32. Masekondi ochokera mu 1970 apitirira kale biliyoni imodzi ndi theka, ndipo pa manambala aakulu chonchi float32 imalumpha masekondi 128 pakati pa nambala ndi inzake. Miyezo iwiri yosiyana ndi mphindi imodzi itha kuoneka ngati inatengedwa nthawi imodzi.

Chinthu chimene ndinachedwa kuchimvetsa ndi kagawidwe ka m'kati mwa fayilo. NetCDF-4 imasunga manambala m'zidutswa, ndipo kuti iwerenge nambala imodzi imayenera kumasula chidutswa chonse mmene nambalayo ili. Tiyerekeze kuti muli ndi mapu a mvula a masiku 365, chidutswa chilichonse ndi mapu a tsiku limodzi. Kujambula tsiku limodzi kuthamanga. Koma mukafunsa mvula ya malo amodzi chaka chonse, kompyuta imasula zidutswa zonse 365, pafupifupi magigabayiti 9.5, kuti ikupatseni manambala 365 okha. Tsiku lina ndinadikira nthawi yaitali ndikuganiza kuti kompyuta yadwala, chonsecho vuto linali limeneli. Choncho dzifunseni kuti fayiloyi anthu aziifunsa chiyani, mapu kapena mbiri ya malo amodzi, ndipo muidule mogwirizana ndi funsolo. Lamulo ili limachita ntchitoyo:

```
nccopy -k nc4 -d 4 -s -c time/365,lat/50,lon/50 yakale.nc yatsopano.nc
```

Chidutswa chilichonse tsopano ndi chaka chonse cha kadera kakang'ono, pafupifupi mamegabayiti atatu ndi theka. `-d 4` ndi mlingo wa kupanikiza, umene umayambira 1 kufika 9. Ine sindipitirira 4 kapena 5, chifukwa kupitirira apo fayilo imachepa pang'ono chabe koma nthawi yolemba imatalika. `-s` imasanja mabayiti kuti apanikizike bwino. Kupanikiza kumeneku sikusintha nambala ngakhale imodzi, mosiyana ndi JPEG wamba, imene simuyenera kusungiramo miyezo.

Posintha fomati, chenjerani ndi zimene zimagwa m'njira. Mukatembenuza HDF kukhala GeoTIFF, manambala amadutsa koma ma attribute ena amatsala, ndipo variable ya ubwino wa muyezo imatsaliratu ngati simunaitembenuze padera. Fayilo yoyambirira musaifufute ndipo musaisinthe. Isungeni m'foda yakeyake pamodzi ndi checksum yake ya SHA-256, nambala yowerengedwa kuchokera m'mabayiti ake onse, kuti tsiku lina mudzathe kutsimikiza kuti sinawonongeke pokopera.

Ndikamaliza kulemba, ndimayesa fayiloyo katatu. Ndimaidutsitsa pa pulogalamu yoyesera malamulo a CF, monga cfchecker kapena Compliance Checker ya IOOS, n'kukonza zonse zimene yadandaula. Ndimaitsegula mu Panoply, imene sinaione ndikulemba. Ikajambula mapu okha pamalo oyenera, masiku akuoneka bwino, ndiye kuti malo ndi nthawi zalembedwa momveka. Kenako ndimaipereka kwa mnzanga amene sakudziwa ntchitoyo, osamuuza kalikonse, n'kumupempha kuti andiuze mvula imene inagwa pamalo akuti tsiku lakuti, ndi muyezo wake. Akabwera ndi funso, sindimuyankha pakamwa. Ndimabwerera pa kompyuta n'kulemba yankholo ngati attribute, kenako ndimamupatsanso.

Imelo ya mnzanga uja itafika, inali ya mizere itatu: mamilimita pa ola, mzere woyamba ndi wa kummwera, ndipo dzenje ndi -9999.9. Tsiku lake anachita kukalifufuza m'kope lake lakale. Ndinalemba zonsezo m'fayilo yatsopano ya NetCDF-4, n'kuikamo dzina la fayilo yakale ija mu history. Itapanikizidwa inachepa kuposa yoyamba ija, popeza timabokosi tambiri tinali ta ziro, malo amene mvula sinagwe.